Kulaula ndi Kukhumudwitsa: Kubuntha kwa Mawu Odzudzulira

Womasulira aliyense amene adayesapo kutembenuza nkhani ya m'nyuzipepala kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa amadziwa kuti dzina lakuti *scandal* ndi mneni wake *scandalise* ndi mawu osautsa. Kawirikawiri womasulirayo amathawira ku "nkhani yochititsa manyazi" kapena "zokhumudwitsa", apo ayi amangowasiya mawuwo monga alili. Zimenezi zachititsa ena kuganiza kuti Chichewa chilibe mawu onena za mchitidwe umene umagwedeza chikumbumtima cha mudzi wonse. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mawu alipo, ndipo alipo awiri: kukhumudwitsa ndi kulaula. Chimene chachitika n'chakuti onse awiri abuntha, aliwonse m'njira yakeyake, ndipo kubuntha kwawoko kwakomera anthu amphamvu.

Ndi bwino kuyamba ndi kukhumudwitsa, popeza mbiri yake idakumana ndi mbiri ya mawu a Chingerezi aja. *Scandal* adachokera ku mawu a Chigiriki akuti *skandalon*. Mawu achibale ake, *skandalethron*, amene amapezeka m'sewero lina la Aristophanes, ankanena kamtengo ka pa msampha kamene nyama ikangokakhudza, msamphawo umafwamphuka. Mnyamata aliyense amene adatcherapo diwa amakadziwa kamtengo kameneka. Ayuda a ku Alexandria atayamba kumasulira malembo awo kuchokera m'Chihebri kupita m'Chigiriki, zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, adagwiritsa ntchito *skandalon* ponena za msampha komanso chinthu chogwetsa munthu panjira. Chitsanzo chomveka chili pa Levitiko 19:14, pamene lamulo likuletsa kuika chinthu chotero kutsogolo kwa munthu wosaona. Pa Mateyu 18 mneni wake akupezeka m'chenjezo loopsa lija la mphero ya m'khosi, lonena za munthu wogwetsa mmodzi wa ana aang'ono. M'ndime zonsezi muli anthu awiri: wotchera ndi wogwa. Wogwayo ndi wofooka, wakhungu kapena mwana.

Mawuwa adadzera m'Chilatini monga *scandalum*, kenaka m'Chifalansa, mpaka kulowa m'Chingerezi, m'mene adabala ana awiri, *scandal* ndi *slander*, amene ndi mjedo. Paulendo wautaliwu tanthauzo lidasuntha. Mngerezi wa lero akanena kuti wakutiwakuti wachita *scandalise* anthu, sakutanthauza kuti wagwetsa munthu m'tchimo; akutanthauza kuti anthu adzidzimuka ndi kuipidwa. Wovulala uja adachoka m'mawuwo, ndipo m'malo mwake mudalowa woonerera.

Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, adasankha kukhumudwitsa ndi chokhumudwitsa m'ndime zoterezi. Adachita mwayi umene omasulira sachitachita, chifukwa fanizo la Chigiriki ndi la Chinyanja adagwirizana popanda kukakamiza. Kukhumudwa, m'tanthauzo lake loyamba, ndi kugunda chala pa chitsa kapena pa mwala. Kapangidwe ka mneniyu nako kali ndi phunziro. Amathera ndi -dwa, monga kukodwa kuchokera ku kukola, ndiponso kubadwa kuchokera ku kubala. Aneni oterewa amanena za chinthu chomugwera munthu, osati chimene wachita mwadala. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kukonza zokakhumudwa. Msintho wamchititsa ukawonjezedwa, n'kukhala kukhumudwitsa, mlandu wonse umagwera amene adasiya chitsacho panjira.

Koma Chichewa chidayenda ulendo wake wofanana ndi wa Chingerezi, ngakhale kuti chidakafika kwina. Masiku ano munthu akagunda mwala, ambiri amati wapunthwa. Kukhumudwa kudasamuka kuchoka kuphazi kupita kumtima, ndipo kumtimako kudakakhala pamalo ozizira. Mphunzitsi wa timu ya mpira imene yagonja amati wakhumudwa ndi momwe anyamata ake asewerera. Mlimi amene fodya wake wagulidwa motchipa ku okushoni amati mitengo ndi yokhumudwitsa. Mtsikana amene bwenzi lake silidabwere pa tsiku la pangano nayenso wakhumudwa. Palibe cholakwika ndi ziganizo zimenezi. Ndi Chichewa chabwinobwino. Vuto limabwera pamene mawu omwewo atumidwa ntchito yaikulu. Mneneri wa bungwe akaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti bungwe lake lakhumudwa ndi kusowa kwa mankhwala m'zipatala za boma, amakhala ataika imfa za anthu pa sikelo imodzi ndi chigoli cha mpira. Komanso chiganizocho chimanena za mtima wa mneneriyo. Wodwala amene wabwezedwa pa windo la mankhwala chimanjamanja, yemwe ndiye wagwa pa chitsa, satchulidwa n'komwe.

N'zosadabwitsa tsono kuti ena mwa omasulira Baibulo a m'mbuyo muno, pofuna kutsata Chichewa cha masiku ano, adasiya kukhumudwitsa pa ndime ya Mateyu ija n'kusankha kuchimwitsa. Adachita bwino, pakuti wowerenga wa lero akadamva ngati munthu akuyenera mphero m'khosi chifukwa chongoliza mwana. Komabe mtengo wake ulipo: mwala ndi njira zidachoka m'ndimeyo, kudatsala chiphunzitso chopanda chithunzi.

Kulaula ndi mawu olemera kuposa pamenepa, ndipo mizu yake ili pansi kwambiri. M'Chiganda *okulagula* ndi kulosera kapena kuombeza. M'Chinyarwanda *kuragura* ndi kuombeza. M'Chiswahili *kuagua* ali ndi tanthauzo lomwelo, ndipo m'Chitswana ndi m'Chisuthu *laola* ndi kuombeza ndi mafupa, komanso kulamulira. Kusiyana kwa *kuragura* ndi kulaula kwagona pa g wapakati, amene Chichewa chimamutaya m'mawu ena: Chinyarwanda chimati *gusiga* pamene Chichewa chimati kusiya. Potsata kugwirizana kotereku, palibe chifukwa chokayikira kuti kulaula ndi wa banja limeneli, ndipo kuti tanthauzo lake lakale lidali kuonetsa zimene zikubwera. Dzina lakuti malaulo lidasunga tanthauzoli mpaka lero. Kadzidzi akalira pa denga la nyumba, kapena nkhuku yathadzi ikalira ngati tambala, akuluakulu amati ndi malaulo, ena amati malodza. Chinthu chachoka pamalo pake, ndipo kuchokako ndi uthenga wa maliro.

Pamene mawuwa anenedwa za munthu, amanyamula katundu yense uyu. Mwana wotukwana mayi ake omubala, bambo wogona ndi mwana wake, munthu wofukula manda: onsewa amati alaula. Kunena chomwechi sikungotanthauza kuti achita choipa, pakuti zoipa n'zambiri zimene si malaulo. Wakuba nkhuku ndi mbala chabe, amalipitsidwa pa bwalo nkhani n'kutha. Wolaula ndi amene mchitidwe wake wasanduka chizindikiro, ngati thadzi lolira usiku, chakuti dongosolo limene limagwira mudzi lang'aluka ndipo tsoka lili panjira. Ziyankhulo za m'chigawo chino zimagwirizana pa kulumikiza zinthu ziwirizi. Mshona akaona chinthu chosayenera kuoneka amati *mashura*, Mzulu kapena Mndebele amati *umhlola*, Mtswana amati *botlhodi*, ndipo mawu onsewa amagwira ntchito pa kadzidzi ndi pa munthu yemwe.

Kalumikizidwe ka mneniyu m'chiganizo ndi kamene kakuyenera kuyang'anitsitsidwa. Kulaula amatha kukhala ndi pamtherankhani: walaula mudzi, walaula mtundu, watilaula. Amene walaulidwayo sikuti wangoona chinthu chonyansa ayi. Ndi amene tsokalo lidzamugwera. Apa kulaula akugwirizana ndi chikhulupiriro cha mdulo kapena tsempho, chimene J.W.M. van Breugel adachifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake lonena za chipembedzo cha makolo cha Achewa, lofalitsidwa ndi Kachere mu 2001. Pa mdulo, wolakwa ndi wina, wodwala ndi wina. Bambo akachita chigololo, amene amatupa ndi kutsokomola ndi khanda la kunyumba kapena mkazi wake. Munthu atha kukana kuti matenda amayenda motero, ndipo achipatala ali ndi mayina ena a kutupa kwa ana, koma nzeru ya chikhalidwe imene ili m'kati mwake ndi yoonekeratu: kulakwa kwa wamkulu kumagwera wamng'ono. Kumeneku ndiko kuganiza kwa pa Levitiko ndi pa Mateyu kuja. Chodabwitsa n'chakuti mawu amene amishoni adawayesa achikunja ndiwo adali pafupi kwambiri ndi *skandalon* wa m'malembo awo.

Tsono zidatani kuti mawu aakulu chotere lero azingotanthauza zithunzi za anthu amaliseche? Pakuti wachinyamata wa ku Ndirande kapena ku Chipata akamva "zolaula", chimene chimabwera m'mutu mwake ndi makanema a pa foni, basi. Pa wailesi ndi m'nyuzipepala mawuwa amayenda ndi anzake odziwika: zithunzi zolaula, makanema olaula, nyimbo zolaula.

Mbewu ya tanthauzoli idalipo kale, chifukwa kutchula ziwalo zobisika pamaso pa apongozi kapena pa bwalo kudali kulaula kuyambira kalekale. Koma chimene chinkalaula adali malo ndi anthu omva, osati mawuwo paokha. Kutsimba anamkungwi ankaimba nyimbo zotchula chilichonse ndi dzina lake, ndipo palibe ankati alaula. Ankati akulanga namwali. Pamaliro adzukulu ali ndi ufulu wonyoza ndi kuseleula ofedwa m'njira imene tsiku lina ikadafikitsa munthu kwa amfumu. Pa bwalo la gule, amuna ndi akazi amaponyerana nyimbo zotukwana, aliyense akudziwa kuti nthawi yake ndi imeneyo. Mawu omwewo akatuluka pa mpanda wake ndi pamene amasanduka malaulo, monga momwe kulira kwa tambala kulibe vuto mpaka kutatuluka m'kamwa mwa thadzi.

Amishoni sadaone mpandawo, adangomva mawu. Mkangano wa pakati pa mishoni za Chikatolika ndi nyau, umene udakula m'zaka za m'ma 1920 ndipo Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden adaulemba mu 1972, mbali yake yaikulu idali yolimbirana ana ndi ulamuliro wa m'midzi, koma chida chimene amishoni ankagwiritsa ntchito podandaula ku boma la atsamunda chidali chakuti gule ndi wonyansa, nyimbo zake ndi zotukwana, ovina ake ndi amaliseche. Sikulakwa kuganiza kuti m'makalasi a katekisimu ndi m'sukulu za mishoni ndi m'mene kulaula adayamba kuchoka pa malo n'kumatirira pa thupi. Gule yemweyo bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, koma mawu aja sadabwerere kwawo.

Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidamaliza ntchito imene amishoni adayamba. Mu 1968 kudakhazikitsidwa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, limene lidapatsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu mphamvu zoletsa chilichonse chimene lidachiona kuti n'chosayenera. Mu 1973 kudabwera Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi oonetsa mawondo. Kwa zaka 20, kufikira lamuloli litachotsedwa mu 1993, boma linkaphunzitsa anthu kuti chimene chingalaule dziko ndi bondo la mkazi. M'zaka zomwezo, mu May 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma lidati idali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidapeza kuti anthuwa adaphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti khoti lidamasula Dr. Banda ndi anzake pa mlanduwo mu December 1995. Potsata tanthauzo lakale, kupha akuluakulu anayi usiku n'kuwanamizira ngozi, abale awo n'kulephera kuwalira poyera, ndiko kulaula dziko kwenikweni. Koma padalibe pakamwa pamene pakadatuluka mawu amenewo. Amene ankayesa kuyankhula ankazungulira ndi mafanizo, ndipo ngakhale mafanizowo sadamupulumutse Jack Mapanje, amene adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu.

Lamulo la zovala lidafa, koma phunziro lake lidatsala. Mu January 2012 magulu a anyamata ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre adayamba kuvula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ponena kuti kavalidweko n'konyozetsa chikhalidwe. Amayi adachita msonkhano wotsutsa nkhanzazi ku Blantyre, umene Joyce Banda, yemwe pa nthawiyo adali wachiwiri kwa pulezidenti, adakhala nawo. Kwa wophunzira za mawu, nkhaniyi ili ndi mfundo yowawa. M'Chichewa cha makolo, kuvula mayi wa eni pa msika dzuwa likuswa mtengo ndi malaulo osachita kufunsa; ndi mchitidwe umene agogo akadagwira nawo pakamwa n'kufunsa kuti kugwa chiyani chaka chino. Koma anyamatawo ankadziona ngati iwo ndiwo alaulidwa. Thomas Aquinas, polemba za *scandalum* m'zaka za m'ma 1200, adasiyanitsa kukhumudwa kwa ana aang'ono, kumene kumadza chifukwa cha kufooka kapena kusadziwa, ndi kukhumudwa kwa Afarisi, kumene kumachokera m'njiru ya wokhumudwayo. Kusiyanitsa kumeneku kudakagwirabe ntchito. Munthu akanena kuti walaulidwa, funso loyamba n'lakuti wagwa ndani, ndipo pa misika ya mu 2012 amene adagwa pansi akudziwika.

Pano pakufunika kusamala, chifukwa n'kosavuta kuyamba kulira mawu akale ngati kuti zonse zakale zidali zokoma. Kulaula ndi mawu oopsa. Mnzake uja, malodza, amaoneka kuti ndi wa tsinde limodzi ndi kulodza, ndipo chiyankhulo cha zizindikiro chikalowa m'mudzi chimafuna munthu woti chimuloze chala. Mu January 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphezi. Imeneyo idali mphezi yowerengedwa ngati uthenga. Lamulo la Witchcraft Act la 1911, limene limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, silidawateteze. Choncho palibe wanzeru amene angapemphe kuti mantha a malaulo abwerere monga adalili. Chimene chikudandaulitsa ndi mbali imene mawuwa amayang'ana. Akakhala ndi mano, amaluma gogo wa ku Neno ndi mtsikana wa pa depoti. Akatembenukira ku Capital Hill, amasanduka "takhumudwa".

Olemba nkhani zopeka ndi masewero a pa wailesi ali ndi gawo lawo pa kubuntha kumeneku. Si zachilendo kumva gogo wa m'sewero, atauzidwa kuti malume agulitsa munda wa ana amasiye pamodzi ndi manda a makolo, akuyankha kuti, "Ndakhumudwa kwambiri ndi khalidwe limeneli." Chimenecho ndi Chichewa cha mu ofesi, chobadwa m'mutu mwa munthu amene amaganiza m'Chingerezi. Gogo weniweni sayamba ndi kufotokoza za mtima wake. Amaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Malodza! Mwanayu watilaula." M'mawu atatuwo muli mlandu, muli mantha, muli ndi "ti" amene akuphatikiza ana amasiye, akufa ndi osabadwa omwe. Wolemba amene sakumva kusiyana kwa ziganizo ziwirizi akutaya chida chimene chiyankhulo chidamupatsa chaulere. Nawonso akatswiri amene akupitiriza ntchito imene Centre for Language Studies ya ku Zomba idayamba ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000 ali ndi chisankho choti achite pa mawu ngati awa: kuika patsogolo tanthauzo limene likumveka kwambiri lero, kapena limene limafotokoza matanthauzo ena onse. Mwana wa sukulu akapeza kulaula atamasuliridwa poyamba kuti ndi kutukwana, sadzamvetsa chifukwa chake kadzidzi, amene satukwana munthu, amalaula.

Umboni womaliza wa kubuntha kumeneku udaoneka mu 2013. Mu September chaka chimenecho mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma adaomberedwa pa geti la nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira zidaululika kuti ndalama za boma zinkatuluka kudzera m'makina olipirira kupita ku makampani amene sadagwire ntchito iliyonse. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo maiko othandiza Malawi adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti. Zonse zimene kulaula amafuna zidalipo: akuluakulu ochita zosayenera kuchitika, chinthu chochoka pamalo pake, ndi tsoka logwera amene sadadye nawo. Nkhuyu zidadyedwa ndi akulu, zidapota ana. Koma dzina limene nkhaniyi idapatsidwa, ngakhale m'nkhani za m'Chichewa, lidali Cashgate. Mchira wakuti *-gate* udachokera ku Watergate, dzina la nyumba za ku Washington kumene kudathyoledwa ofesi ya chipani mu 1972, pa nkhani imene idagwetsa Richard Nixon mu 1974. Kwa Mmereka mchirawo umakumbutsa pulezidenti wotula pansi udindo mwamanyazi. Kwa mayi wa ku Ntchisi amene adamva mawuwa pa wailesi ali pamzere wa kuchipatala, geti ndi chitseko cha mpanda.